Kakitasi wamutu wofiira akuwola tsinde, winayu sakuchita maluwa, thandizeni

Mlimi wa Pakhonde: Moni nonse a pagulu. Nkhani ndili nazo ziwiri nde mundipirire. Yoyamba, kakitasi wanga uja wamutu wofiira wokhala pamwamba pa tsinde lobiriwira la makona atatu, tsindelo layamba chikasu kuchokera pansi ndipo ndikalidina ndi chala likubonyoka, koma mutuwo udakali gwa bwinobwino. Ndiudule ndiudzale pawokha kapena nditani? Yachiwiri, ndili ndi Echinopsis wamkulu ndithu, wabereka ana mpaka kudzadza mphika koma duwa olo limodzi sanandionetsepo. Wina anandiuza kuti ndikamumezanitsa pa tsinde lina achita maluwa msanga. Nzoona zimenezi?

Lezala Wakuthwa: Achimwene mutuwo musaudzale pawokha chonde, ufa. Ameneyo ndi Gymnocalycium mihanovichii, mtundu wofiirawo amautcha Hibotan, anaupeza alimi a ku Japan m'zaka za m'ma 1940. Kufiirako nchifukwa choti alibe chlorophyll, chobiriwira chija chimene chomera chimapangira chakudya kuchokera ku dzuwa, nde olo atatulutsa mizu m'dothi palibe chimene angadye. Amadyera kwa mnzake wapansiyo basi. Wapansiyo ndi Hylocereus, yemwe uja amabereka dragon fruit, kwawo nkotentha ndipo sagwirizana ndi kuzizira, kukatsika pansi pa madigiri 10 dothi lili lonyowa amayamba kuwola choncho. Chofunika pano ndi tsinde latsopano, ndipo msanga kuwolako kusanakwere.

AnaMinga: Zoona zimene akunena achimwenewa. Ndingowonjezera kuti ofiira, achikasu, a olenji ndi apinki onsewo njira ndi yomweyo, koma alipo ena akuda mopita ku pepo kapena amawangamawanga amene chobiriwira chidakalimo pang'ono, amenewo amatha kukhala pa mizu yawo. China, musadziimbe mlandu kwambiri. Amenewa amalimidwa ambirimbiri makamaka ku South Korea nkutumizidwa dziko lonse, ndipo katsinde amakadula kafupi kuti kakwane m'makatoni, nde kachidutswa kakang'ono kobiriwirako kakudyetsa mutu umene ukukula nkumaberekanso ana, pakapita zaka zochepa kamatopa ndithu.

Mlimi wa Pakhonde: Zikomo. Nde tsinde labwino ndi liti? Ndili ndi wina wamtali wabuluu wa nthiti zisanu kapena zisanu nchimodzi, pa kapepala analemba Myrtillocactus. Ndipo kumezanitsako sindinapangepo, mundiyendetse pang'onopang'ono.

Lezala Wakuthwa: Myrtillocactus geometrizans ameneyo ali bho, amagwira msanga, nayenso sakonda kuzizira kwambiri koma ndi wolimba kuposa Hylocereus. Mukanakhala ndi Trichocereus bwenzi ndikuti ameneyo, amakhalitsa zaka ndipo amapirira. Harrisia jusbertii nayenso ndimamukonda chifukwa satupitsa mutu mopitirira. Koma gwiritsani amene muli naye, bola akhale woti akukula panopa, nsonga yake ikuoneka yatsopano, osati amene wagona.

Kachitidwe kake nkotere. Tsindelo mulithirire masiku angapo musanadule kuti likhale ndi madzi m'thupi. Pezani lezala watsopano kapena mpeni wopyapyala wakuthwa zedi, mupukute ndi sipiriti ndipo muzipukuta nthawi iliyonse mukadula. Dulani nsonga ya Myrtillocactus mopingasa pamalo poti ndi pofewa koma osati kunsonga kwenikweni, kamodzi kokha mokoka, osacheka mobwerezabwereza chifukwa pamatsala mizere ndipo m'mizeremo mumabisala mpweya. Mukatero sengani m'mbali, nthiti iliyonse muidule mopendeka kuchotsa khungu ndi minga ya pamwamba. Anthu ambiri amadumpha pamenepa nde nkumadabwa kuti mutu wagwa. Chimachitika nchoti mnofu wapakati ukamauma umalowa pansi koma khungu lolimbalo silitsika, limatsala chiimire nkumakankha mutu m'mwamba mpaka kulekana.

Tsopano yang'anitsitsani podulapo. Pakati muona kamkombero koyererako, mmenemo ndi mmene mumadutsa madzi ndi chakudya. Mutu wofiirawo mukaudula pansi nawonso muona kamkombero kake. Nkhani yonse yagona pa timikombero tiwiriti, tikuyenera kukhudzana. Tikakhala tofanana kukula ikani kena pa kanzake, koma nthawi zambiri kena kamakhala kakakulu nde mukaika pakatikati kakang'onoko kamangokhala m'kati osakhudza kanzake paliponse. Sunthirani mutuwo pambali pang'ono kuti timikomberoto tidutsane pawiri. Uoneka wokhota pang'ono, musadandaule.

Musanaike dulaninso kagawo kopyapyala pa tsindepo kuti pakhale ponyowa, ikani mutu msangamsanga, muupotoze pang'ono uku mukudina kuti mpweya utuluke. Pamwamba ikani kathonje kapena katishu, kenako malabala awiri opingasana kudutsa pansi pa mphika, ogwira koma osafinya mpaka kuboola. Ikani pamthunzi powala, pofunda, madzi asagwere pabala. Pakatha sabata kapena masiku 10 chotsani malabala.

AnaMinga: Ndipo podula mutu wofiirawo muone mtundu wa m'kati. Mukaona kadontho kabulauni kapena kakuda pakati, pukutani lezala mudulenso pamwamba pake mpaka paoneke poyera. Kakatsala olo kadontho kamodzi kamapitiriza kuwola nkupatsiranso tsinde latsopanolo. Ngati mutu uli ndi tiana m'mbali chotsani kamodzi mukamezanitse padera, kuti wamkulu akakanika mutsale ndi mbewu.

Gogo wa Mbiya: Za wofiirayo anzangawa anena zonse. Ine ndabwerera Echinopsis. Mwana wanga ameneyo musamuyandikize lezala, alibe mlandu. Echinopsis ndi mmodzi mwa osavuta kuchita maluwa pa mizu yake, moti anthu ena amamugwiritsa ntchito iyeyo ngati tsinde lomezanitsirapo anzake. Tandiuzani kaye, amakhala pati, mumathirira bwanji nyengo yozizira, ndipo mumamupatsa feteleza wanji?

Mlimi wa Pakhonde: Agogo amakhala m'nyumba patebulo pafupi ndi windo, dzuwa limamupeza pang'ono m'mawa. Kuthirira ndi sabata iliyonse chaka chonse, feteleza ndi yemwe ndimathira maluwa ena amasamba.

Gogo wa Mbiya: Nde yankho ndi limenelo. Chomera chimenechi sichinapumepo. Kwawo ku South America, mbali za kumwera kwa Brazil, Uruguay ndi Argentina, chimadziwa nyengo ziwiri, yokula ndi yogona, ndipo maluwa amakonzedwa m'kati nthawi yogonayo. Inu mukumuthirira chaka chonse, m'nyumba mofunda, nkumupatsanso nayitirojeni wambiri, nde iye akungoona kuti nthawi yokula sinathe, akungotupa nkumabereka ana. Ana ambirimbiriwo ndi umboni.

Chitani izi. Nyengo yozizira ikamayandikira muzichepetsa madzi, kenako musiyiretu miyezi itatu kapena inayi. Mumuike pozizira koma pouma, powala, mvula isamupeze. Ambiri amakondwa usiku ukamafika madigiri 5 mpaka 10, koma olo kwanuko kusamazizire choncho, kuuma kophatikiza ndi usiku wozizirirako kumathandiza ndithu. Akhwinyata, achepa, mtundu usintha pang'ono, mtima wanu uwawa, koma musathirire. Kukayamba kufunda mupatseni madzi pang'ono koyamba, kenako muzithirira mokwanira mpaka atuluke pansi pa mphika, nkudikira dothi liume lonse musanabwerezenso. Feteleza akhale wa nayitirojeni wochepa potaziyamu wambiri, uja wa tomato amachita bwino, musungunule theka la mlingo wolembedwawo, kangapo kokha pa nyengo yokula.

Ndipo kuwala. Patebulo m'nyumba maso athu amaona ngati mpowala koma kwa kakitasi ndi mdima. Mutulutseni, koma pang'onopang'ono, sabata ziwiri zitatu pamthunzi wowala, kenako dzuwa la m'mawa, kenako kuwonjezera. Mukamutulutsa lero nkumuika padzuwa la masana apsa mbali imodzi nkuyera, ndipo chipsera chimenecho sichichoka.

Mukamawerenga malangizo pa intaneti musamatsatire mayina a miyezi, wolembayo mwina ali mbali ina ya dziko kumene nyengo ndi zosemphana ndi zanu. Tsatirani nyengo ya pamene muli.

Lezala Wakuthwa: Agogo pa Echinopsis ndagwirizana nanu kwathunthu. Koma tisamuuze mnzathuyu kuti amene anamuuza uja ananama zonse, kumezanitsa kumafulumizitsa maluwa ndithu, kungoti ndi kwa mbande za mitundu yochedwa. Ariocarpus wofesa pa mizu yake mutha kumudikira zaka pafupifupi 10 asanachite duwa, koma kambande komweko mukakaika pa Pereskiopsis, kakitasi wowonda wamasamba womezanitsirapo mbande, pa zaka 2 kapena 3 mwaona maluwa. Aztekium nde osanena, pachaka amakula moti simungaone ndi maso.

Gogo wa Mbiya: Sindikukana mwana wanga, ndaziona. Koma tayang'anani Ariocarpus wa pa Pereskiopsis, amakhala wotupa, wobiriwira monyezimira, wa mitu yambirimbiri. Weniweni amakhala wophwatalala, wotuwa, wokakala, wokwiririka m'dothi moti ungamuponde osamuona, ndipo pansi ali ndi chimuzu chachikulu chosungira madzi. Kukongola kwake kwa ine nkumeneko. Ine ndimakhulupirira kuti lezala ndi wopulumutsira, chomera chikawola mizu, kapena chikakhala choti sichingadzidyetse ngati wofiira uja, kapena cha mtundu wopindikapindika uja wovuta mizu. Zongofuna kuthamangitsa ayi.

AnaMinga: Agogo apa ndilowererapo mbali ya achimwene pang'ono, pa chifukwa china. Anthu ofuna Ariocarpus wamkulu wotuwa amene mukunenayo koma osafuna kudikira ndi amene amagula okumbidwa kutchire. Kafukufuku wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti 31 peresenti ya mitundu ya makakitasi ili pachiopsezo chotha, ndipo kukumba kogulitsa ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mu 2020 apolisi ku Italy anagwira makakitasi oposa 1,000 ozembetsedwa kuchokera ku Chile, ambiri a mtundu wa Copiapoa a m'chipululu cha Atacama, zomera zoti zina zinatenga zaka makumimakumi kuti zifike pamenepo. Pafupifupi banja lonse la makakitasi lili pa ndandanda ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, ndipo Ariocarpus ali pa Appendix I, gulu lotetezedwa kwambiri. Nde munthu akamezanitsa mbande nkupeza maluwa pa zaka 3, nkupeza njere mazana, nkugawira anzake, kwa ine ameneyo akuthandiza. Njere zikachuluka m'manja mwa alimi wokumba kutchire amasowa msika.

Gogo wa Mbiya: Pamenepo mwandigwira amayi. Womezanitsa kuti apeze njere ndilibe naye mawu. Koma njerezo zikamera, zina muzizisiya zikule pa mizu yawo kuti ana athu adzadziwe mmene chomeracho chimaonekera.

Kadzidzi: Ine ndingomulimbikitsa mwini funso kuti malangizo a agogowa atsatire, chifukwa duwa la Echinopsis ndi loti ukaliona kamodzi suiwala. Limayamba ngati kaubweya kotuwa pambali pa nthiti, poyamba simungasiyanitse ndi kamwana, koma kamwana kamakhala ndi timinga pamene duwa limakhala ubweya wokhawokha. Kamakhala choncho masabata osasuntha, kenako mwadzidzidzi kamayamba kutalika tsiku ndi tsiku mpaka masentimita 15 kapena 20, nthawi zina kutalika kuposa chomera chenichenicho. Tsiku lotsegula mudziwa, madzulo nsonga imatupa nkuyamba kuonetsa zoyera m'mipata. Kukada mukakhala pafupi mumaona ndi maso timasamba takunja tikugwedezeka nkubwerera m'mbuyo kamodzikamodzi, ndipo fungo limadzadza pakhonde ponse. M'kati muli timaulusi tambirimbiri tonyamula mungu wachikasu, ndi kamutu kanthambinthambi kotulukira kutsogolo. Kutchire amabwera ndi agulugufe a usiku a milomo yaitali, nchifukwa chake khosi la duwalo ndi lalitali choncho. Pofika masana a tsiku lotsatira lafota. Nde mukaona latupa madzulo musapite kogona msanga.

Mlimi wa Pakhonde: Eee mwandipatsa chilakolako. Nde kuti ndipeze njere ndingotenga mungu pa duwa lina la chomera chomwecho? Kapena la mwana wake?

Kadzidzi: Ambiri a mtundu umenewu salola mungu wawo womwe, ndipo mwana wochotsa pambali ndi chomera chomwecho basi, nde sizigwira. Pamafunika awiri ochokera ku njere zosiyana. Akachita maluwa usiku umodzi tengani kabulashi kofewa kopentera, kokolani mungu uku mukapake pa kamutu ka winayo. Akasemphana masiku ine ndimasunga mungu pa kathonje ka m'khutu, ndikuumitsa, ndikuika m'kabotolo kotseka mufiriji, umadikira ndithu masiku angapo. Kakitasi wina wotchedwa Astrophytum nayenso amafuna awiri.

Mlimi wa Pakhonde: Ndabweranso. Wofiira uja ndadula, m'kati munali kadontho kabulauni monga ananenera amayi AnaMinga nde ndadulanso mpaka poyera, mutu watsala theka koma ndaumanga pa Myrtillocactus. Kamwana kamodzi ndakaika pa nthambi ina. Ndidziwa bwanji kuti wagwira?

Lezala Wakuthwa: Mwachita bwino achimwene. Mukachotsa malabala mugwedezeni pang'ono ndi chala, wogwira sasuntha. Koma kumatirira kokha si umboni, nthawi zina minofu imamatana timikombero tisanalumikizane nde mutu umangokhala osakula nkumafota pang'onopang'ono. Umboni weniweni ndi pakati pa mutu pamwamba, pakayamba kuwala nkutuluka timinga tatsopano nde kuti chakudya chikudutsa. China, tsindelo liyamba kuphukira nthambi zake m'mbali chifukwa mwalidula nsonga, muzizithothola zidakali zazing'ono, mukazisiya limadyetsa ana ake nkumusiya mlendo.

Watsopano Pagulu: Pepani kulowerera, ndangolowa kumene. Ine ndinagula kakitasi ali ndi duwa lapinki pamwamba, miyezi yadutsa duwalo silikufota ndipo silikukula. Ndi mtundu wanji umenewu? Komanso ndili ndi wina wamtali waminga amene ndikamubaya amatuluka mkaka woyera, angakhale tsinde lomezanitsirapo?

AnaMinga: Takulandirani asisi. Duwalo taligwirani, ngati likumveka louma ngati pepala yang'anani pansi pake, mupeza guluu kapena kawaya kobaya m'thupi. Ndi duwa louma la chomera china, ogulitsa ena amamata kuti malonda ayende. Limatha kutseguka ndi kutsekeka malinga ndi chinyezi nde anthu amakhulupirira kuti ndi lamoyo. Zimandipweteka chifukwa nthawi zambiri amamata pansonga penipeni pomwe chomera chimakulira. Chotsani mosamala, guluu akakanirira dulani duwalo nkusiya kachidutswako, kadzachoka kokha chomera chikamakula. Duwa lenileni la kakitasi limakhala tsiku limodzi kapena masiku ochepa, osati miyezi.

Wamkakayo si kakitasi, ndi Euphorbia, m'bale wake wa nkhadze. Sangagwirizane, mabanja ndi osiyana. Ndipo samalani nawo mkakawo, umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ndi ngozi yeniyeni, sambani ndi madzi ambiri nkuthamangira kuchipatala. Kusiyanitsa kwake yang'anani pamene pachokera minga. Kakitasi ali ndi timapilo taubweya, minga, maluwa ndi ana zonse zimatulukira pamenepo. Euphorbia alibe, minga yake nthawi zambiri imakhala iwiriiwiri yotuluka pakhungu lolimba. Mammillaria ena ali nawo mkaka woyera nde musadalire mkaka wokha, timapiloto ndi tomwe sitinama.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiwonjezere pang'ono poti anthu ambiri amadabwa. Makakitasi onse kwawo ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka ku Patagonia, kupatula mmodzi yekha, Rhipsalis baccifera, amene amapezekanso mwachilengedwe mu Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka, wolendewera m'mitengo. Zinazi ngati Euphorbia zofanana nawo m'maonekedwe ndi zomera zina zimene zinapeza njira yomweyo yopiririra chilala. Ndipo pa nkhani ya kupuma mpweya, zomerazi zimatsegula timabowo topumira usiku osati masana, kuti zisataye madzi, zimasunga mpweyawo nkudzaugwiritsa ntchito dzuwa likatuluka. Nchifukwa chake usiku wozizirirako zimaukonda, ndipo kukatentha kwambiri usana ndi usiku zina zimangoima osakula. Nthawi yoteroyo madzi ambiri amawoletsa.

Watsopano Pagulu: Zikomo kwambiri, guluu ndamupezadi. Nde kwa ine woyamba kumene, amene angandipatse maluwa enieni msanga ndi ati?

Gogo wa Mbiya: Mdzukulu wanga yambani ndi Mammillaria, amachita timaluwa tating'ono tozungulira mutu wonse, ndipo timatuluka pa gawo limene linakula chaka chatha, nde mukamusamala chaka chino malipiro ndi chaka chamawa. Gymnocalycium baldianum amachita ofiira adakali wamng'ono ndipo safuna dzuwa lowawa. Rebutia wa kumapiri a Bolivia ndi Argentina amatulutsira maluwa m'munsi mpaka kuphimba chomera chonse, koma ameneyu amafunitsitsa kuzizira kouma. Amene musamuyembekezere ndi chimpira chaminga yachikasu chija, Echinocactus grusonii, chimatha zaka 20 kapena kuposa chisanachite duwa. Chisungeni chifukwa cha minga yake.

Mayi wa Pawindo: Agogo ine malangizo osathirira miyezi itatu aja ndiwagwiritsenso ntchito pa Schlumbergera? Wanga amatulutsa timphukira ta maluwa kunsonga koma timayoyoka tisanatsegule.

Gogo wa Mbiya: Ayi ayi amayi, ameneyo ndi wina. Kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, amamera pamitengo ndi pamiyala pachinyezi. Amafuna mthunzi wowala ndi dothi losauma gwa. Chimene chimamuyambitsa maluwa ndi usiku wautali, maola 12 mpaka 14 a mdima kwa masabata pafupifupi 6, ndi kuzizirirako. Getsi la m'chipinda loyaka mpaka pakati pa usiku limamusokoneza. Kuyoyokako kawirikawiri ndi kumusuntha kapena kumutembenuza timphukira titayamba, kapena dothi kuuma kwambiri kenako nkuthiridwa madzi ambiri kamodzi. Akayamba musiyeni pomwepo.

AnaMinga: Muyang'anenso tizilombo. Pali tinsabwe toyera tokhala ngati thonje timene timabisala m'mphako ndi pansi pa timphukira, timayamwa mpaka duwa kugwa. Kathonje koviika mu sipiriti kamatipha mukatikhudza. Toipa kwambiri ndi ta kumizu chifukwa simutiona, chomera chimangoima osakula, mukachizula mupeza zoyera m'mbali mwa mphika ndi pamizu. Pamenepo tayani dothi lonse, tsukani mizu, iume masiku angapo nkudzala m'dothi latsopano. Akangaude ofiira ang'onoang'ono kwambiri nawonso amakonda Rebutia, mutu umasanduka wadzimbiri. Chomera chatsopano chilichonse muzichiika padera kaye milungu ingapo chisanasakanikirane ndi zinzake.

Mlimi wa Pakhonde: Poti mwatchula dothi, Echinopsis ndikamamusintha mphika ndiike miyala pansi kuti madzi azituluka? Mphika wina wokongola ndili nawo koma ulibe bowo.

Mphunzitsi Wopuma: Wopanda bowo ayi achimwene, boolani kapena muusiye. Ndipo miyala pansi sithandiza mmene timaganizira. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala ikuluikulu, amayamba adzadza kaye m'dothimo, nde mwangokweza chinyontho kuchifikitsa pa mizu. Miyalayo isakanizeni ndi dothi lonse. Theka kapena kuposa likhale timiyala, pumice, perlite (ziwirizi ndi timiyala topepuka tamabowo) kapena mchenga wokhakhala wosefa, gawo lotsalalo dothi la maluwa. Mchenga wosalala ayi, umatseka mipata nkuuma ngati simenti. Kuyesa kwake nyowetsani pang'ono mufumbate, mukatsegula dzanja liziyoyoka.

Gogo wa Mbiya: Ndipo musamupatse chimphika chachikulu, chala chimodzi kapena ziwiri kuzungulira basi. Dothi lopanda mizu limasunga madzi. Sinthani dothi lili louma ndipo mudikire sabata musanathirire kuti mizu yothyoka ipole. Anawo chotsaniko ena, apotozeni, aume pamthunzi sabata kapena ziwiri mpaka bala lichite khungu, kenako muwakhazike padothi louma. Akakula adzakhala matsinde anu omezanitsirapo mukadzafuna kupulumutsa wina.

Watsopano Pagulu: Achimwene a Lezala, Pereskiopsis mumatchula uja kachitidwe kake nkomweko ndi malabala? Mnzanga wandilonjeza njere za Astrophytum ndikufuna ndiyesere.

Lezala Wakuthwa: Astrophytum ndi poyambira pabwino asisi, njere zake ndi zikuluzikulu ndipo zikakhala zatsopano zimamera pasanathe sabata. Fesani pamwamba pa dothi lophikidwa kuti nkhungu ife, osakwirira kwambiri, mphika muuike m'pepala la pulasitiki loonekera m'kati nkumanga, pofunda madigiri 25 kapena kuyandikira apo, powala koma osati padzuwa. Ndipo mvereni agogo, theka la mbandezo muzisiye pa mizu yawo, Astrophytum sachedwa kwambiri.

Pa Pereskiopsis malabala ayi, kambande ka masabata ochepa kangaphwanyike. Iyeyu ndi wowonda ngati pensulo, ali ndi masamba enieni, amakonda madzi ndi kufunda, kuzizira amayoyola masamba. Valani magolovesi kapena mugwire ndi kopanira chifukwa ali ndi timinga tosaoneka bwino timene timalowa m'khungu nkuyabwa tsiku lonse. Dulani nsonga pofewa, chotsani timaso tapamwamba kuti asaphukire, dulani kambande pakati ndi lezala, kanyamuleni ndi lezala yemweyo nkukatsetserekera pa tsinde, pambali pang'ono kuti kakhale pa kamkombero osati pakati. Dinani pang'ono ndi chala, utomoni wake umagwira wokha. Kusiyana kwakukulu ndi kwakuti apa pamafunika chinyezi, vindikirani ndi kapu yoonekera kapena botolo lodula kwa sabata, apo ayi tsinde limafota nkukataya kambandeko. Masamba a Pereskiopsis musachotse, ndi amene akudyetsa.

Gogo wa Mbiya: Nanga akakula mumatani naye, poti kamtengo kowondako sikangasenze mutu waukulu mpaka kalekale?

Lezala Wakuthwa: Njira zilipo zitatu agogo. Ena amamusamutsira pa tsinde lokhalitsa ngati Harrisia kapena Trichocereus. Ena amadula Pereskiopsis nkusiya kachitsa ka masentimita 2 kapena 3, kaume masiku ochepa, nkukakwirira m'timiyala kuti katulutse mizu, mutu nkukhala pansi ngati uli pa mizu yake, koma pamenepo muzikumbukira kuti kachitsako kakadzawola kuwolako kumalowa m'mutu nde muzikayang'ana. Yachitatu ndi kuchotseratu, kukolowola kotsalira konse ka Pereskiopsis, bala liume milungu iwiri itatu, nkumukhazika pa pumice wouma mpaka mizu ioneke. Astrophytum ndi Gymnocalycium amavomera msanga, Ariocarpus amachedwa ndipo chimuzu chachikulu chija sichibwera mofanana ndi wofesa. Chitani zimenezi kumayambiriro kwa nyengo yofunda, ndipo madzi oyamba adikire mpaka mutaona nsonga za mizu zoyera pansi.